Nkhanu ndi Chigwinjiri cha Mfumukazi Mvuu

Mawu akuti "kutola" avutika kwambiri m'kamwa mwa anthu. Mwana abwera ndi mpeni wa mnansi m'thumba, ukamufunsa akuti watola. Mnyamata achotsa usipa pa thandala la eni ake, nayenso akuti watola. Kumeneko si kutola ayi, ndipo dzina lake lenileni tonse tikulidziwa. Kutola ndiko kupeza chinthu chimene chatayika, chagona pansi popanda wochilonda, n'kuchitengera poyera, n'kuchionetsa kwa anthu kuti mwini wake achizindikire. Nyama za kugombe zinkadziwa zimenezi kuposa ife.

Padangokhalatu. Wovomera avomere momveka, osati m'mphuno.

Padali gombe lina limene mfumukazi yake idali Mvuu. Nyama za kumeneko zidali ndi mwambo wake. Mwera ukaomba, m'mawa mwake zonse zinkatsika kukayenda m'mbali mwa madzi, kufunafuna zimene mafunde alavula: mbedza, mikanda, zidutswa za ukonde, nkhafi zothyoka. Wopeza chinthu ankapita nacho kubwalo ng'oma ya masana ikalira, n'kuikapo dzanja, n'kuimba nyimbo ya wotola. Nyimboyo inkanena za madzi amene abweretsa, mchenga umene wasunga ndi diso limene laona, kenaka inkafunsa kumene kuli mwini wake, ndipo khamu linkavomera pomuitana kuti adzaone. Woimbayo ndiye ankawerengedwa wotola. Mwini akapezeka, ankathokoza ndi mphatso. Akapanda kupezeka, woimbayo ankavala chinthucho m'khosi tsiku lonse kuti aliyense achione.

Lamulo lina lidali lakuti mchenga wa pagombe sukumbidwa, kupatula ndi kapitao wa gombe yekha. Pa nthawi imeneyo mpando wa kapitao udalibe mwini, pakuti Nkhasi, amene adaukhala zaka zambiri, adapuma chifukwa cha nyamakazi.

Lamulo limeneli ndilo linkasunga moyo wa Nkhanu ndi ana ake, amene ankakhala mu una wawo pansi pa mchengawo. Pabwalo padali nduna yaing'ono, Ng'azi, imene inkakonda nkhanu, koma osati chikondi cha pachibale. Chaka chapitacho Ng'azi adadya mlamu wake wa Nkhanu atampeza akuyenda poyera, ndipo pamaliro ndiye adalira kuposa onse.

Tsiku lina padachitika ukwati pagombepo. Mfumukazi idavina chimtali mpaka mchenga kunjenjemera, ndipo chigwinjiri chake cha mkuwa, chimene idasiyiridwa ndi mayi ake, chidavuka kumwendo osaimva. Mwera udaomba, mchenga udachikwirira. M'mawa mwake Katumbu, mesenjala wa kubwalo, adayenda gombe lonse akufuula.

"Tamverani nonse! Chigwinjiri cha amfumukazi chatayika! Amene achiimbire pabwalo, mpando wa kapitao ndi wake! Kukumba kwaloledwa, koma pokhapo pamene pali chizindikiro!"

Nkhanu adamva ali pakhomo pa una wake. Chigwinjiricho chidali pomwepo. Chidagwa mozungulira khomo lake ngati mpanda, mchenga wochepa utachiphimba. Adayesa kuchikoka, sichidasunthe. Adaitana ana ake onse kuti akankhe, chidangogwedera.

"Amayi, tiyeni tifuule kuti tachipeza," adatero mwana wake wamkulu.

"Ufuule kuti amve ndani? Woyamba kufika ndi Ng'azi. Achinyamula, akaimba, mawa ndi kapitao. Mkuja akutikumba ife ngati mbatata."

"Nanga titani?"

"Lowani m'nyumba, mutseke pakamwa."

Ng'azi adali ndi chida chimene nyama zina zidalibe. Adatola kale wailesi yakufa imene asodzi adataya, n'kuchotsamo maginito a m'sipika. Adawamanga ndi chingwe kumchira, ndipo akamayenda, maginitowo ankakwawa pambuyo pake, kununkhiza mchenga. Akakumana ndi chitsulo ankangoti kwa! n'kukakamira pomwepo. Chimenecho ndicho chidali chizindikiro chake chokumbira.

M'mawa womwewo Nkhanu adamuona akubwera molunjika khomo lake, lilime lili lawilawi, chingwe chikulemba mzere pambuyo. Adabisala kukhomo, maso okha kunja. Ng'azi adadutsa. Mchira udadutsa. Maginito adafika, adakwera pamwamba penipeni pa chigwinjiri, adatsika mbali inayo, zii, osanena kanthu.

Nkhanu adapuma. Kenaka adaganiza. "Ohoo! Galu wa a Ng'aziyu amanunkhiza chitsulo chokha. Mkuwa saudziwa, ndipo mbuye wake sakudziwa kuti saudziwa."

Adatuluka, adaima patali poti atha kuthawira m'madzi, n'kuitana.

"Mwadzuka bwanji, a Ng'azi? Kapena ndiyambiretu kunena kuti a Kapitao?"

Ng'azi adatembenuka, adanyambita milomo. "Mayi Nkhanu! Tasenderani pafupi, makutu angawa sakumva bwino masiku ano."

"Ndili ndi chimfine, ndingakupatsireni. Koma mukutaya nthawi kuno. Amfumukazi adavinira uko, pa bwato lowola lija. Ine ndidaona ndi maso anga aataliwa."

"Mukundiuziranji?"

"Munthu amakonza ubale ndi bwana asadakhale pampando."

"Mwachita bwino. Gombe ino ikhala yanga posachedwa, ndipo ndidzakukumbukirani."

Ankayenera kunena kuti gombe lino likhala langa, koma ngakhale akadanena bwino, silidali lake.

Nkhanu ankadziwa zonse zogona pansi pa mchenga, monga mayi adziwa za m'nyumba mwake. Pa bwato lowolalo padakwiririka mbale yachitsulo yobooka. Ng'azi atangofikapo, maginito adati kwa! Adapalasa mchenga pang'ono, chinthu cholemera chidatuluka chili matope okhaokha.

"Thamangani, a Kapitao!" adakuwa Nkhanu. "Nkhwazi ali m'mwambamu, wachiona! Akuphumitsani!"

Ng'azi sadayang'ane kumwamba, sadayang'ane kumbuyo. Adaliyatsa liwiro mpaka kubwalo, ng'oma ya masana ikulira. Adaika dzanja pa chinthucho, adakweza mutu, n'kuimba nyimbo ya wotola ndi mawu onse, za madzi, mchenga ndi diso, ndipo khamu lidavomera poitana mwini wake. Katumbu adabwera ndi madzi, adatsuka.

Bwalo lonse lidafa ndi phwete.

"A Ng'azi," idatero mfumukazi ikupukuta misozi, "mwendo wanga ndi waukulu, inde, koma sindidavalepo mbale."

Mwini mbale sadapezeke. Ng'azi adaivala m'khosi tsiku lonse, ikulira ngati belu la ng'ombe, ana a achule akumutsatira pambuyo.

M'mawa mwake Nkhanu adamupeza akukoka maginito ake nkhope ili gwaa.

"Pepani ndi za dzulo, a Kapitao."

"Tasenderani pafupi, mundipepese bwino."

"Chimfine chija chakula. Koma mlandu ndi wanga, ndidasokoneza magule. Pa bwato paja adavinira chioda. Chimtali adavinira pa mwala wochapira."

"Lero sindithamanga. Ndiyamba ndaona."

"Ndiye nzeru zimenezo. N'chifukwa chake mpandowo ukukuyenerani."

Pa mwala wochapira padakwiririka mkombero wachitsulo wa kunsi kwa ndowa. Maginito adati kwa! Ng'azi adakumba, adautulutsa, adauyang'ana bwinobwino. Udali wozungulira. Udali waukulu ngati mwendo wa mvuu. Udali ndi matope.

"Ndi chimenechi!" adatero Nkhanu. "Kuzungulira kwakeko!"

"Ndiyambe ndatsuka."

"Mutsuke? Chovala cha amfumukazi, inu mwamuna, muchigwiregwire ndi kuchipukuta? Chabwino, tsukani. Ine sindidaone kanthu. Akadzafunsa kuti adachikanda ndani, ine ndidali ndi chimfine."

Ng'azi adabweza dzanja. Adakoka mkomberowo mwaulemu mpaka kubwalo, adaikapo dzanja, adaimba nyimbo ya wotola, ulendo uno motsitsa mawu pang'ono. Khamu lidavomera likuseka kale. Katumbu adatsuka, dzimbiri lidatuluka mbee.

"Dzulo mbale, lero ndowa," adatero Katumbu. "Amfumukazi, a Ng'azi akutisonkhanitsira ziwiya za ukwati."

Mfumukazi idaseka, koma kusekako kudatha msanga. Idayang'ana mwendo wake wopanda kanthu.

"Ng'azi mwana wanga, nthawi iliyonse ukaimba, mtima wanga umadumpha, ndimati cha amayi chapezeka. Kenaka umandionetsa dzimbiri. Ukadzandiimbiranso chinyalala, maginito akowo ndidzawakhalira, ndipo unduna wako udzathera pomwepo. Wamva?"

"Ndamva, amfumukazi."

Ng'azi adavala mkomberowo m'khosi tsiku lonse. Mkazi wake adakana kuyenda naye.

Kutacha, Nkhanu adadzutsa ana ake dzuwa lisadatenthe. Adapalasa mchenga kuzungulira chigwinjiri mpaka chidamasuka. Adachimata matope, adachikulunga ndere, pamwamba adasanjikapo zitini zadzimbiri ndi waya wopindika, adamanga zonse ndi chidutswa cha ukonde. Chidasanduka mulu wonyansa, woti ngakhale khwangwala sangaucheukire. Kuukondeko adamangirira chingwe chachifupi, kunsonga kwake mbedza yachitsulo yaikulu, yogwirira kampango, n'kuigoneka panjira ya kubwalo.

"Amayi, mukadziwika?" adafunsa mwana wamkulu uja.

"Ndikadziwika, iwe ndiwe mayi. Lowani pansi penipeni, musatuluke mpaka mutamva mawu anga."

Iye mwini adalowa pakati pa muluwo, adadzifunditsa ndere.

Ng'azi adayenda gombe lonse m'mawa umenewo osapeza kanthu. Adasakasaka Nkhanu kuti amudye, osampeza. Ng'oma ya masana italira, adayamba ulendo wa kubwalo, pakuti nduna yochedwa inkalipitsidwa nsomba. Adadutsa pakhomo pa Nkhanu. Maginito adakumana ndi mbedza ija, kwa! Nkhanu adatulutsa dzanja msangamsanga, adakoletsa mbedzayo pa mfundo ya chingwe, adabwerera m'kati.

Ng'azi adamva kulemera, adacheuka. Adaona zitini, adaona waya, adaona ndere.

"Iii! Zinanso?"

Adagwedeza mchira, sizidachoke. Adazimenyetsa pansi, Nkhanu m'katimo adaluma ukonde kuti asakuwe, koma sizidachoke. Adayesa kumasula chingwe, mfundo idali italimba ndi madzi. Ng'oma idaliranso. Ng'azi adatukwana wailesi, adatukwana amene adaitaya, adakoka katundu wakeyo ali wefuwefu, mpaka adalowa naye pabwalo.

Khamu lidaimirira.

"Abwera, abwera a sitolo!" adafuula Katumbu. "Lero mwatitengera chiyani, a Ng'azi? Mbaula?"

"Sindidatenge kanthu."

"Nanga chili kumchiracho?"

"Changondikola panjira."

Achule adayambitsa okha mbali yovomera ya nyimbo ija, kuitana mwini wake, pofuna kumukoka kuti aimbe. Ng'azi adatseka pakamwa, adayang'ana kumbali.

Mfumukazi idakweza dzanja, bwalo lidati chete.

"Ng'azi, walowa pabwalo ndi katundu. Uimba?"

"Sindiimba, amfumukazi."

"Chinthuchi wachitola ndiwe?"

"Sindidachitole. Sindichidziwa. Si changa."

"Ndikufunsa komaliza, pamaso pa onsewa. Ukuchikana?"

"Ndikuchikana lero, ndidzachikana mawa. Amene akuchifuna atenge, avale yekha m'khosi. Ine khosi langa latupa."

"Katumbu, chidule ukachitaye."

Katumbu adadula chingwe. Asadanyamule, m'kati mwa mulu muja mudamveka mawu aang'ono, akuthwa ngati a mwana wa sukulu. Adali kuimba za madzi amene abweretsa, mchenga umene wasunga ndi diso limene laona. Ndere zidagwedezeka, padatuluka diso limodzi, kenaka linzake, kenaka Nkhanu yense, dzanja lake lalikulu lija litagwira chinthu pansi pa matope. Adafunsa kumene kuli mwini wake, ndipo khamu, mwambo pokhala mwambo, lidavomera pomuitana, ngakhale ena ankavomera akugubuduka ndi kuseka.

"Mayi Nkhanu, mwapenga?" adatero Katumbu. "Mulu wonsewu muuvala m'khosi? Khosi lake liti?"

"Tsukani, a Mesenjala. Za khosi tikambirana pambuyo."

Katumbu adachotsa zitini, adang'amba ukonde, adathira madzi. Mkuwa udawala ngati moto.

Mfumukazi idalira mokweza mpaka mbalame kuuluka. Idatsika pampando, idatola chigwinjiricho, idachiyang'ana mbali zonse, idachivala, idaponda pansi kawiri kuti imve kulira kwake.

"N'chomwechi! Cha amayi anga!"

Ng'azi adalumpha. "N'changa! Ndachibweretsa ndine! Onani mchira wangawu, wasupuka!"

"Unati suchidziwa," idatero mfumukazi.

"Sindimadziwa kuti ndi chimenecho!"

"Eya, suchidziwa. Tonse tinamva."

"Koma wachinyamula ndani? Nkhanu angakoke chigwinjiri cha mvuu? Wakwera pa ine ngati thumba la makala!"

"Zoona zimenezo, amfumukazi," adatero Nkhanu modzichepetsa. "A Ng'azi andithandiza mayendedwe, ndipo ndikuwathokoza pamaso panu. Msewu unali wa mabampu, koma tafika."

Bwalo lidasekanso. Nkhasi, kapitao wopuma uja, adafunsidwa kuti anene mwambo. Adatulutsa mutu pang'onopang'ono.

"Bwato silidya," adatero. "Limanyamula msodzi, limanyamula nsomba, koma pogawana silikhala nawo. Wotola ndi woimba. Waimba ndani?"

"Nkhanu!" lidayankha khamu.

"Wakana ndani?"

"Ng'azi!"

Mutu wa Nkhasi udabwerera m'chigoba.

Ng'azi adatembenukira kwa Nkhanu, lilime lili lawilawi. "Ndiye inu munandinamiza za bwato, munandinamiza za mwala."

"Ine ndinati amfumukazi adavina pa bwato, adavinanso pa mwala. Amfumukazi, simudavine?"

"Ndidavina gombe lonse, mwana wanga," idatero mfumukazi, ikugwedeza mwendo. "Palibe pamene sindidaponde."

Mpando wa kapitao udabweretsedwa. Udali waukulu, moti Katumbu adachita kumunyamula Nkhanu kuti amukhazikepo, ndipo atakhala adangooneka maso okha. Mfumukazi idamuuza kuti anene lamulo lake loyamba.

"Lamulo langa n'lalifupi. Kapitao yekha ndiye amakumba, ndipo kapitao wake ndine. Ndidzakumba nyumba yanga ndi za abale anga basi. Wina aliyense akapalasa mchenga, ngakhale ndi chala chimodzi, adzayankha pabwalo pano."

"Nanga ine maginito angawa ndiwatani?" adafunsa Ng'azi.

"Muziyenda nawo m'mawa uliwonse, muzitola mbedza ndi misomali zili pamwamba, kuti amfumukazi asabayike povina. Ntchito yake ndi yaulemu. Koma pa khomo langa muzidutsa patali."

"Patali bwanji?"

"Poti chimfine changa chisakufikeni."

Nkhanu adatsika pampando, adathamanga cham'mbali mpaka kwawo, adaitana pakhomo, ndipo ana ake adatuluka onse, osasowapo ndi mmodzi yemwe.

Ng'azi sadakhutire. Adakasuma kwa nduna zazikulu, Ng'ona ndi Vuwo, kuti wonyamula ayenera kulandira theka la mpando. Ndunazo zidamva mboni zonse, zidaona mchira wosupukawo, zidamupepesa, kenaka zidamufunsa ngati adaimba. Adati sadaimbe. Zidamufunsa ngati adakana. Adati adakana. Zidamuuza kuti apite akapake mafuta kumchirako, pakuti mpando ndi wa Nkhanu, ndipo mchenga sudzakumbidwa.

Mlanduwu udagamulidwa ndi kutsekedwa Lachinayi, pa 18 Julayi, 1974.